Mafupa a kwa Chulu: Kuchokera pa Nsungwi Kufika pa Zitsulo

Agogo athu kuno kwa Chulu ankakonda kusimba za Akafula, anthu aafupi amene Achewa anawapeza m'dziko muno. Ankati ukakumana ndi mmodzi wa iwo m'thengo, iye ankayamba wakufunsa kuti wamuonera pati. Ukayankha kuti wangomuonera pompano, basi wadziputira muvi. Wochenjera ankaloza phiri lakutali n'kunena kuti wamuonera uko, ndipo ankadutsa mwamtendere. N'chifukwa chake ena amawatchula kuti Amwandionerapati. Osimba nthanoyi anali anthu ataliatali amene analanda dziko, choncho musadabwe kuti wosekedwa m'menemo ndi wamfupi. Kunyozana pa nkhani ya msinkhu sikunabwere ndi mafoni ayi.

Chimene chabwera ndi mafoni ndi mbiri yoti kunja kuli anthu abwinobwino, osadwala, amene amalipira dokotala kuti awadule mafupa a miyendo n'cholinga choti atalike. Anyamata a pa msika amandifunsa ngati zimenezi n'zoona, poti ndinagwirapo choko zaka zambiri ndipo amayesa kuti mphunzitsi amadziwa zonse. N'zoona ndithu. Zitsulo zotalikitsira fupa ndinazigwira ndi manja angawa, pakhomo pa mlongo wanga. Koma nkhani ya mwendo kuno inayambira pa nsungwi.

Atsibweni a mayi anga anali munthu wolumikiza mafupa. Sanali sing'anga wa ula kapena wa mizimu. Ntchito yawo inali imodzi yomweyo, ndipo anaiphunzira kwa akuluakulu awo. Munthu akathyoka ankabwera naye pa machira a mitengo iwiri ndi chiguduli. Iwo ankayamba apapasa mwendo wabwinowo kuti adziwe mmene unzakewo uyenera kukhalira. Kenako amuna awiri ankagwira wodwalayo m'khwapa, wachitatu n'kumakoka phazi, iwo akukankha fupa ndi zala zazikulu mpaka litabwerera m'malo. Kulira kwake kunkamveka mpaka kudambo. Akatero ankakulunga mwendowo ndi timitengo ta nsungwi tolukidwa ndi luzi, n'kumasiya mpata woti chala chilowe kuti magazi aziyenda. Masiku otsatira kunali kuthowa ndi madzi otentha a masamba awo, ndipo pena ankatema mphini n'kupakamo mankhwala akuda. Malipiro inali nkhuku, ndipo inkaperekedwa munthu akayamba kuponda pansi.

Sindiwanyoza ndipo sindiwakweza mopitirira. Mkono wa mwana wogwa mumtengo wa mango, kapena fupa la msongolo lothyoka popanda bala, ankalumikiza bwino zedi. Fupa la ntchafu ndilo linkawavuta. Minofu ya ntchafu ndi yamphamvu, imakoka zidutswa ziwirizo mpaka zitapyolana, ndipo nsungwi singalimbane nayo. Fupa linkalumikizana ndithu, koma mwendo unkatsala waufupi ndi zala ziwiri kapena zitatu. Fupa likatulukira kunja, nthawi zambiri mapeto ake anali maliro. Ndili mwana, mudzi uliwonse unali ndi mkulu wotsimphina, ndipo ambiri tinkawadziwa ndi mayina opatsidwa chifukwa cha kayendedwe kawoko. Sankabisala. Ankakhala nawo pabwalo la milandu, ankakwatira, ankasema mipini ndi mitondo. Wachinyamata akawaseka, akulu ankamukumbutsa kuti lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza.

Fodya atafalikira m'zaka za m'ma 1970, kathyokedwe ka anthu kanasintha. Nthawi imeneyo maesiteti a Press Farming ndi General Farming anadzaza chigawo cha Kasungu, bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority likuphunzitsa alimi fodya wowotcha, ndipo matenanti ankabwera pa malole kuchokera kummwera. Munthu ankagwa kuchokera pamwamba m'balani akupachika fodya. Wina mtengo unkamugwera podula nkhuni zowotchera. Ngolo yodzaza inkaponda phazi la mnyamata wotsogolera ng'ombe, ndipo thilela ya thilakitala ikagubuduka inkavulaza anthu khumi nthawi imodzi. Onjezanipo amuna obwera ku Joni atapunduka m'migodi, bungwe la Wenela, limene linkawatengera kumigodiko, lisanaimitsidwe mu 1974 ndege yake itagwa ku Francistown. Mabala oterewa anali oposa nzeru za nsungwi, ndipo anthu anayamba kuzolowera ulendo wa ku boma.

Ku chipatala cha boma tinaphunzira zinthu ziwiri: chikhakha ndi kukoka. Chikhakha aliyense amachidziwa, choyera tsiku loyamba, chofiira ndi dothi la katondo pakutha sabata, ndipo mwini wake akulowetsamo kamtengo kuti akande. Kukoka ndiko kunali kwa ntchafu. Ankaboola fupa m'munsi mwa bondo n'kulowetsa chitsulo, kumangirira chingwe chodutsa kumiyendo kwa bedi, ndipo kumapeto kwake kunkalendewera cholemera. Munthu ankagona chagada milungu isanu ndi umodzi kapena kuposa, osadzuka ngakhale kupita kuseri. Apa ndi pamene panabadwira udindo watsopano m'mabanja athu, ugadiyani. Mayi, mlongo kapena mkazi ankasiya munda n'kukagona pansi pa bedi kapena m'chisakasa cha magadiyani, kuphika pa mafuwa atatu, kuchapa, kutaya zoyenera kutaya. Mbiri ya zipatala imalemba mayina a madokotala, koma theka la ntchito yochiritsa mwendo m'dziko muno agwira ndi amayi amenewa, osalandira kanthu.

Ndipo kwa mlimi wa fodya, kuthyoka kuli ndi nyengo yake. Wothyoka mu Julayi, mabelo atapita kale ku okushoni, anthu amamuuza kuti Mulungu wamukonda. Wothyoka mu Disembala, fodya atangowokeredwa, wathyola banja lonse. Pa nthawi imeneyo achibale akakumana sayamba ndi kufunsa kuti achira liti. Amafunsa kuti apalire ndani, athyole ndani, asoke ndani, m'chigafa akwere ndani. Kwa tenanti zinkaipiratu, chifukwa chimanga chimene ankadya anali kuchitenga pa ngongole kwa mwini esiteti, ndipo ngongole sinkadikira fupa.

Panalinso ana amene miyendo yawo inkafota popanda kugwa paliponse. Mwana ankatentha thupi masiku angapo, kenako mwendo n'kulobodoka, ndipo m'mudzi munkayamba kulozana zala. Inali poliyo. Ndinaphunzira ndi mnyamata wina amene ankabwera kusukulu chokwawa, atavala zidutswa za tayala m'mawondo ndi timatabwa m'manja. Masamu ankatiposa tonse. Bungwe la Malawi Against Polio, lomwe tonse tinkangoti MAP, linayamba mu 1979, ndipo anthu ake ankayendera zipatala za m'maboma pa masiku oikika. Ankayeza ana, kuwapangira zitsulo zogwira mwendo ndi nsapato zake, ndodo ndi njinga zopalasa ndi manja. Ena ankawachita opaleshoni yomasula misempha kuti mwendo wopinda uwongoke. Tsiku limene mwana wokwawa anabwera kutchalitchi ataimirira, anthu ankaimika nyimbo n'kumatembenuka. Katemera anaithetsa nthendayi, moti itaoneka komaliza mu 1992 inadzamvekanso mu 2022, itapezeka mwa mwana wina ku Lilongwe, ndipo tonse tinaona azaumoyo akuyenda khomo ndi khomo.

Kuchokera mu ntchito ya MAP yomweyo munatuluka chinthu chimene, kwa ine, chinapulumutsa miyendo yambiri kuposa china chilichonse. Mu 1985 dokotala wa ku Canada, Ed Blair, anayambitsa maphunziro a miyezi 18 osula azachipatala athu omwe kuti akhale akatswiri a mafupa m'zipatala za m'maboma. Maphunzirowo ataima kwa kanthawi, Chris Lavy anawadzutsanso mu 1998. Podzafika 2008, dziko lonse la anthu pafupifupi 13 miliyoni linali ndi madokotala aakulu a mafupa asanu ndi anayi okha. Choncho munthu wa kwa Chulu akanena kuti waonana ndi adokotala a mafupa ku boma, kawirikawiri amanena mmodzi wa anthu amenewa. Ndiwo analowa m'malo mwa atsibweni a mayi anga, ndipo nawonso amayamba ndi kupapasa mwendo wabwinowo.

Mu 2002, chaka cha njala imene inakantha Kasungu koopsa, ku Blantyre kunatsegulidwa chipatala cha Beit CURE, chothandiza ana a mapazi opindika, a matewe ndi a mafupa ovunda popanda kulipiritsa makolo. Patapita zaka, mwana wa mlongo wanga anadwala. Anayamba ndi kutentha thupi ndi kutupa m'munsi mwa bondo. Anamwa mankhwala a malungo, anatemedwa mphini, ndipo chotupacho chitaphulika panatsala kabowo kotuluka mafinya mwezi ndi mwezi. Pamene ankafika kwa akatswiri a pa chipatalachi, chigawo cha fupa la msongolo chinali chitafa. Anachichotsa, matenda anatha, koma mwendowo unatsala waufupi ndi zala zinayi. Ine monga mwinimbumba ndinaitanidwa kuti ndikamve zimene madokotala akufuna kuchita, ndipo nditamva ndinayamba ndakhala chete: ankati alidulanso fupalo pamalo abwino kuti alitalikitse.

Mwanayo anabwera kumudzi mwendo uli m'kati mwa mikombero yachitsulo. Mawaya opyapyala ankalowa mbali ina ya mnofu, kuboola fupa, n'kutulukira mbali inayo, atakungidwa pa mikombero ngati masipoko a njinga. Mikomberoyo inalumikizidwa ndi ndodo zamazinga zokhala ndi manati, ndipo nati iliyonse inali ndi kadontho ka penti mbali imodzi. Anatipatsa sipanala ya nambala 10. Lamulo linali lakuti nati izungulire gawo limodzi la magawo anayi, kanayi pa tsiku, kuti fupa litalike ndi milimita imodzi patsikulo. Mlongo wanga analibe wotchi. Ankapotokola tambala akalira, dzuwa likafika paliwombo, ng'ombe zikamalowa m'khola, ndi pogona, ndipo nthawi iliyonse ankachonga m'kope limene ndinamujambulira mizere. Mabowo a mawaya ankawatsuka ndi madzi owiritsa othira mchere, bowo lililonse kansalu kakekake. Phazi ankalimangirira m'mwamba ndi mphira ku mkombero kuti lisagwe, chifukwa fupa likamatalika msempha wa kuchidendene umatsalira n'kumalikokera pansi.

Masana mwanayo ankaseka ndi anzake. Usiku ndiye kunali nkhondo, minofu ikukokeka. Tsiku lina ndinamupeza atabisa sipanala m'denga la khitchini. "Atsibweni, auzeni amayi alekeze pomwepa. Ndidzayenda chotsimphina, palibe kanthu." Ndinamukhazika pansi n'kumuonetsa m'kope mmene mizere yochongedwa inachulukira kuposa yotsala, ndipo anakaitenga yekha. Kutalikitsako kutatha, zitsulo zinakhalabe miyezi ina kuti fupa lanthetelo likhwime, pakuti madokotala amawerengera pafupifupi mwezi umodzi pa sentimita iliyonse.

Mudzi wonse unadwazika nawo. Amayi a mvano ankabwera ndi ufa ndi nkhuni. Telala wa pa msika anang'amba kabudula wa yunifolomu m'mbali n'kuikamo mabatani. Anzake ankasinthana kumukankha pa njinga popita kusukulu, ndipo anamupatsa dzina loti Sipoko, limene sanalikane mpaka lero. Fodya wa mlongo wanga chaka chimenecho tinathyola ndi kusoka ife achibale. Panalibe kusowa onena zawo: agogo ena ankati mwendo wolowetsedwa mawaya uvunda basi, ena ankati madokotala akuphunzirira pa mwana wa mphawi. Makondakitala a minibasi ankatilipiritsa mipando iwiri poti mwendowo sunkapinda bwino, ndipo zimenezo sindinaziiwale. Koma palibe tsiku limene mwanayo anagona m'nyumba yekha.

Zitsulo zimenezi zinachokera ku Kurgan, tauni ya ku Siberia, kumene dokotala wina dzina lake Gavriil Ilizarov anazipanga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Ena anali atayesapo kale kutalikitsa mwendo, monga Alessandro Codivilla wa ku Bologna amene analemba za njira yake mu 1905, koma ankakoka mwamphamvu nthawi imodzi ndipo odwala ankavulala. Ilizarov anapeza kuti ukalidula fupa mosamala, n'kudikira pafupifupi sabata, kenako n'kumalitalikitsa pang'onopang'ono, thupi limadzaza mpatawo ndi fupa latsopano, mitsempha ndi khungu n'kumatsatira. Akuluakulu a ku Moscow sankamulabadira mpaka mu 1968, pamene anachiritsa Valeriy Brumel, katswiri wodumpha m'mwamba amene anapambana golide ku Tokyo mu 1964 koma n'kuphwanyika mwendo pa ngozi ya njinga yamoto. Mu 1980 anachiritsanso Carlo Mauri wa ku Italy, ndipo chaka chotsatira anaitanidwa kukafotokoza nzeru zake kumeneko. Umu ndi mmene zinafalikira mpaka kudzafika pa mphasa ya mlongo wanga.

Nzeru yomweyi ndi imene anthu andalama akugula lero kuti atalike. Ambiri sakuvalanso mikombero. Kuyambira 2011 ku America kunavomerezedwa chitsulo chotchedwa Precice, chimene amachilowetsa m'kati mwa fupa, ndipo chimatalika chokha munthu akaika kamakina ka maginito pa ntchafu. Miyendo yonse iwiri imadulidwa, ndipo pa fupa la ntchafu amawonjezera masentimita asanu mpaka asanu ndi atatu. Ku America mtengo wake umaposa madola 70,000, n'chifukwa chake ena amathamangira ku Turkey kapena ku India kumene n'kotsikirapo. Dziko la China linaletsa opaleshoni yotere pa zifukwa za kukongola mu 2006, anthu atapunduka m'manja mwa madokotala osadziwa ntchito. Zoopsa zake n'zomwe zija: mitsempha kuwonongeka, mawondo kuuma, fupa kukana kulumikizana, mafuta a m'fupa kulowa m'magazi n'kutseka mapapo. Munthu amatha miyezi ali pa njinga ya olumala ndi pa ndodo, akukokedwa minofu tsiku ndi tsiku, ndipo kuthamanga kumabwerera mochedwa, pena osafikanso pakale.

Chimene chimandigwira mtima pa anthu amenewa si ululuwo, pakuti ndinauona. Ndi chinsinsi. Ambiri ndi amuna, ndipo ambiri amabisa. Amachita lendi chipinda pafupi ndi chipatala m'dziko lachilendo, kuntchito n'kunena kuti achita ngozi kapena ali pa ulendo wautali. Wowatengera kubafa ndi munthu wolipidwa. Akabwerera kwawo amayamba ntchito ina, yoti anzawo asazindikire: kusintha nsapato, kunena kuti achepa thupi kapena kuti aphunzira kuimirira mowongoka. Wina akayamba chibwenzi amavutika kuti zipsera za pa ntchafu adzazifotokoza bwanji. Anagula msinkhu kuti anthu awaone, koma njira yopezera msinkhuwo sangaionetse munthu.

Sindiwaseka. Ndinagwira ntchito ndi mphunzitsi wamfupi amene ana ankamuyeserera akatembenukira ku bolodi, ndipo ndikudziwa mnyamata amene anabwezedwa pa mzere wa ofuna usilikali atangoimikidwa pa choyezera. Mawu a anthu amapweteka. Komabe akulu anati fupa lokakamiza limaswa mphika, ndipo ine, nditaona mwana akulira usiku kuti apeze mwendo wofanana ndi unzake, sindingalangize munthu wa miyendo iwiri yabwino kuti akaidulitse.

Ndiponso kuno masentimita timawataya kwina. Kafukufuku wa boma wa 2010 anapeza kuti ana 47 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, ndipo wa 2015 mpaka 2016 anapeza 37. Ana obadwa m'nyengo ya njala ya 2002 ndinawalandira m'kalasi patapita zaka, ndipo ukawaimika pa mzere sunkafunika kufunsa kuti wa tenanti ndi uti. Msinkhu umene mwana wautaya asanakwanitse zaka ziwiri nthawi zambiri subwerera. Chodabwitsa n'chakuti dera lathu limalima mtedza ndi soya wambiri, koma mavenda akaimika sikelo timagulitsa mpaka thumba lomaliza, mwana n'kumadya phala lamchere wokha.

Lero chimene chikuthyola miyendo kwambiri si balani kapena ngolo, koma njinga zamoto za kabaza, zonyamula anthu atatu ndi thumba la feteleza. Chithandizo nacho chapita patsogolo. M'zipatala zazikulu fupa la ntchafu amalilowetsa chitsulo m'kati, munthu n'kudzuka pa ndodo patangopita masiku ochepa m'malo mogona mwezi ndi theka, ndipo mu 2023 pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe panatsegulidwa LION, chipatala cha mafupa ndi ubongo. Chimene chikusowabe ndi cha pambuyo pake. Munthu akatuluka amafunika womuphunzitsa kupinda bondo ndi kuponda, ndipo anthu oterowo ali kutali ndi midzi yathu. Ndalama ya ulendo wobwereza ikasowa, bondo limauma opaleshoni itayenda bwino. Ndikanakonda wa mafupa ndi wa mafizo akanamafika m'zipatala zazing'ono za kumidzi pa tsiku lodziwika mwezi uliwonse, monga ankachitira a MAP.

Mwana wa mlongo wanga uja pano ndi bambo, amalima fodya wake ndipo m'chigafa amakwera yekha. Zonse zimene anadutsamo zikanapeweka akanalandira mankhwala oyenera sabata yoyamba. Inu makolo, mwana akatentha thupi n'kumakana kuponda, fupa likupweteka mukalikhudza, musadikire kuti chotupa chipse ndipo musateme mphini. Mutengereni kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mukanene momveka kuti chikupweteka ndi fupa.